Loko pa Manda a Nduna

Wowotcherera zitsulo anali atamaliza mbali zonse za mpanda pamene mkazi wa malemu nduna anatsika m'galimoto. Chinatsala ndi chitseko chokha. Mayiyo anagwedeza chitsulo chimodzi kuti aone ngati chalimba, kenaka anatulutsa loko watsopano m'chikwama.

"Akabwera uja musamuthamangitse," anauza mlonda wa manda. "Ndikufuna aone ndi maso ake."

Kumtunda kwa manda a mumzindawo kuli mzere wa andale. Ali moyo ankatukwanana pa wailesi. Lero agona moyandikana, koma mpikisano sunathe. Wina anamumangira denga la malata. Wina ali ndi chithunzi chomwetulira ngati akupemphabe mavoti. Malemu nduna anawaposa onse. Banja linati munthu wotero sangagone mopanikizika ngati ali mu minibasi, akuluakulu a mzinda anavomera osaphethira, ndipo simenti inayalidwa uku ndi uku mpaka panakhala bwalo lokwana mipando makumi awiri. Pamwamba anaikapo matailosi akuda, owala, oti ntchentche n'kuterereka.

Chinaononga ulemerero wonsewu ndi mzimayi wina. Chimangireni chiliza, ankabwera Lachinayi lililonse. Anali wochepa thupi, wazaka mwina makumi atatu, wa nsapato zapulasitiki. Ankafika osapereka moni kwa aliyense, n'kugwada pakona ya kumiyendo, n'kuyamba kunong'ona. Nthawi zina ankaseka yekha. Nthawi zina ankangosisita matailosi ndi chikhatho mpaka dzuwa kupendeka.

Pakamwa pa anthu sipachedwa. Sabata zitatu zisanathe, nkhani inali itafika kunyumba kwa namfedwa, itanona kale.

Chimasomaso cha malemu sichinali chinsinsi. Mkazi wake anapirira zaka makumi atatu: fungo la mafuta achilendo pa jekete, misonkhano ya chipani yothera m'zipinda za alendo, mafoni odulidwa iye akangolowa. Koma akazi onsewo ankadziwa malire awo, ndipo pa maliro palibe anaonetsa nkhope. Tsono uyu kubwera dzuwa likuswa mtengo, amayi a m'chipani akuona, azilamu akuseka chamumtima! Zinamuwawa, ndipo ndani sizikanamuwawa? Mwamuna anagawana ndi anthu ali moyo. Mtembo wokha anatsimikiza kuti sagawana ndi munthu.

Mlonda anayesapo kutsegula pakamwa.

"Adona, mayi amene uja..."

"Munalembedwa ntchito yosesa kapena yondiwerengera akazi a mwamuna wanga?"

Mlonda anatola tsache lake. Ntchito ndi yosowa, ndipo iye anali atakalamba.

Cha m'ma teni mzimayi uja anatulukira pakati pa mitanda, atanyamula timaluwa tothyola m'mbali mwa msewu. Ataona mpanda anaima. Anayang'ana zitsulo zosongoka, anayang'ana wowotcherera amene ankalumikiza chitseko, kenaka anayang'ana mayi wovala zakuda amene anakhala pa mpando pakati pa matailosi, mwendo pamwamba pa unzake.

"Sendera," anatero mkazi wa nduna. "Usachite manyazi lero. Masiku onsewa manyazi unawasiya kuti?"

Mzimayi anasendera, nagwada pa miyala kunja kwa mpanda.

"Anakulonjeza chiyani? Nyumba? Galimoto? Usadandaule, ankalonjeza aliyense. Pali midzi ikudikirabe mlatho mpaka lero."

Wowotcherera anaseka, kenaka anadzibisa kuseri kwa magalasi ake akuda.

"Amayi, ndikupempha pakona pokhapa," anatero mzimayi uja. "Sindidetsa. Ndikamachoka ndimapukuta."

"Ndamva kuti umacheza naye. Amakuyankha? Ine zaka makumi atatu ndinkalankhula ndi nyuzipepala."

Mkazi wa nduna anaimirira, anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo, nalanda timaluwa tija. Anatinunkhiza, anakwinya mphuno, natiponya mu ndowa ya zinyalala ya mlonda. Mzimayi sanalire. Maso ake anali pakona paja, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima kwambiri mkazi wa nduna. Iye ankafuna misozi. Anadzuka m'mamawa, anavala bwino, anagula loko wodula, zonsezi kuti aone misozi.

"Tandiyang'ana ndikamalankhula! Taona mapazi akowo. Mwamuna wanga anali ndi matenda a akazi, koma sindinkadziwa kuti anafika potola za m'ngalande."

Chitseko chinatha. Wowotcherera anachiyesa kawiri, chinatseguka ndi kutsekeka bwinobwino. Mlonda anatulutsa mpando. Mkazi wa nduna anatuluka pomalizira, anakoka chitseko, nakoloweka loko. Sanafulumire kumutseka. Ankamva kukoma.

"Kiyi ndi mmodzi, ndipo azigona m'chikwama changa. Ukadzapezekanso pafupi ndi mpanda uno, apolisi adzakunyamula ngati thumba. Tsopano tsanzika. Ndakupatsa mawu awiri, ndine munthu wachifundo. Muuze wokondedwa wakoyo kuti basi."

Mzimayi anagwira zitsulo ndi manja onse awiri.

"Amayi, amuna anu sindinawaonepo chibadwire. Pano panali mzere wa ana. Wanga ali pansi pa kona iyi, anamuthira simenti ndili m'chipatala."

Mlonda anazyolika. Mkazi wa nduna anayang'ana pakona paja kanthawi, kenaka anakanikiza loko mpaka analira.

"Ndiye uthokoze. Ndi ana angati agona pansi pa matailosi?"