Dokotala wa Mayi Fufuzani

Kompyuta italira kachiwiri, mkulu wa laibulale ya payunivesite anakankhira pambali kapu ya tiyi n'kukoka mpando. Ophunzira ankawatcha Mayi Fufuzani, chifukwa aliyense wobwera ndi funso ankamva zomwezo: fufuzani kaye, mukakanirira ndikuthandizani.

Tsamba la mafunso la pa intaneti analiyambitsa ndi iwowo. Wophunzira ankalemba funso pafoni, kaya ali kuhositelo kaya m'basi, wa kulaibulale n'kumuyankha pomwepo. Mayina a ofunsa sankaoneka. Mayiwo anachita kulimbana ndi akuluakulu a sukulu kuti zikhale choncho. Ankati wophunzira wamanyazi amafa ndi ludzu miyendo ili m'madzi.

"Wabweranso dokotala wanu uja," anatero wachiwiri wawo, bambo woyang'anira makompyuta, atasuzumira pasikirini. "Tikakhala ife pampandopo salemba. Amachita kudikira tsiku lanu."

"Akudziwa kuti inu mumayankha ngati mukuthamangitsidwa ndi galu," anatero mayiwo akupukuta magalasi.

Wofunsayu anayamba kulemba temu itangoyamba. Funso lake loyamba linali losalongosoka: ankafuna chilichonse chokhudza khansa ya m'chiwindi. Mayi Fufuzani sanamupatse chilichonse. Anamusonyeza polowera m'nkhokwe ya magazini a zachipatala amene yunivesite imalipirira. Anamuphunzitsa kusankha mawu ofufuzira, kupatula mapepala atsopano, ndi kusiyanitsa kafukufuku weniweni ndi zolemba za anthu ogulitsa mankhwala m'mabotolo a sobo. Munthuyo ankagwira msanga. Posakhalitsa anali kufunsa za opaleshoni, kenako za mankhwala, kenako za zimene madokotala amachita zonsezo zikalephera.

Mayiwo sanakayike. Ameneyu anali wa chaka chomaliza kusukulu ya udokotala, ndipo ankalemba kafukufuku wake. Pophunzitsa achaka choyamba, ankaonetsa mafunso ake pakhoma ndi pulojekita. "Taonani mmene munthu wanzeru amafunsira," ankatero. "Sapempha kuti timutafunire."

Masana amenewo wofunsayo anatumiza pepala la kafukufuku ndi mawu ochepa.

"Chithunzi cha m'kati mwa pepalali chikundisokoneza. Chikunena chiyani za wodwala wachinyamata amene amupeza mochedwa, matenda atafika kale m'mapapo?"

Mayi Fufuzani anatsegula pepalalo n'kuliwerenga mofatsa, kuyambira pamutu mpaka pamayina a olemba. Tiyi anazizira. Panja, m'chipinda chachikulu chowerengera, munkangomveka kukhosomola ndi kukwekwesa kwa mipando.

"Yankho mulipeza nokha," analemba motero. "Pali mizere iwiri. Wa odwala amene mukunenawo ndi wapansiwo. Ukuyambira pamwamba, pamene onse ali moyo. Utsateni ndi chala mpaka pamene alemba kuti chaka chimodzi. Mwafika pati?"

Yankho linatulukira pasikirini.

"Pafupi ndi pansi."

"Ndiye yankho ndi limenelo. Ambiri safika chaka. Mankhwala amene atchulidwa kumapetoko ndi ongochepetsa ululu. Polemba musazungulire. Dokotala wabwino sathira shuga pa zimene wapeza."

Wachiwiri uja, amene ankawerenga ataima kumbuyo kwawo, anapukusa mutu.

"Koma madamu, mtima wanu ndi wouma."

"Ndi sukulu ino, bambo, si pamaliro. Tikamanyengerera, mawa adzanamiza odwala."

Bamboyo anatenga sikuludilaiva n'kutuluka kukaona pulintala imene inkadya mapepala kuyambira m'mawa. Mayiwo anatsala okha. Pasikirini timadontho tosonyeza kuti wina akulemba tinkaoneka, n'kuzimiririka, n'kuonekanso.

"Inuyo mwaliwerenga lonse pepalali?"

"Lonse."

"Ndipo mwalimvetsa? Palibe pamene mwina olembawo analakwitsa?"

Mayi Fufuzani anabwereranso kukaona mmene kafukufukuyo anachitikira, kuchuluka kwa odwala, ndi magazini imene inasindikiza. Anafufuzanso mapepala ena awiri aposachedwa. Onse ankaloza kumodzi.

"Palibe," anayankha. "Ndikanakonda pakanakhala potsutsa, koma ntchito iyi ndi yolimba. Mukhoza kuidalira."

"Zikomo. Ndili m'laibulale mommuno. Ndingabwere kuofesi kwanu?"

Mayiwo anamwetulira. Temu yonse ankafunitsitsa kumuona nkhope mwana ameneyu. Anaganiza zomupempha kuti adzayankhule kwa achaka choyamba, awauze yekha mmene anaphunzirira kufufuza. Anachotsa mabuku pampando wa alendo, n'kuwongola kolala ya bulauzi.

"Bwerani. Chitseko chachiwiri kudzanja lamanja."

Kugogoda kunamveka mwapansipansi. Amene analowa anali mwana wawo wachisamba, mtsikana wophunzira zamalamulo pasukulu yomweyo, amene temu yonse sanapondeko kunyumba, ati mayeso amupanikiza. Anavala juzi lalikulu ngakhale kunkatentha.

"Iwe, lero wakumbuka kuti uli ndi mayi?" anatero Mayi Fufuzani, maso ali pasikirini. "Tadikira panja pang'ono, mwanangu. Ndikuyembekezera mlendo."

Mtsikanayo sanatuluke. Anatseka chitseko, n'kuika foni yake patebulo. Pafonipo panali mawu onse amene mayi ake anali atangolemba kumene. Apo ndi pamene mayiwo anakweza mutu n'kuona kuti maso a mwana wawo anali achikasu.

"Mlendoyo ndine, amayi," anatero. "Pakamwa zimandikanika. Ndimafuna muyambe mwawerenga nokha."