Makontena a Amayi a Mvano

"Asadye cholimba, matumbo angosokedwa kumene," nesi anachenjeza Keziya, mwana wake Chiso atatuluka ku opaleshoni.

Koma masana alionse amayi a Mvano a ku Kwacha ankatulukira ndi nkhuku, mpunga ndi ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera. Chakudya cha odzazonda sabweza.

"Bambo a Chiso, tichotseni manyazi," Keziya ankanong'oneza mwamuna wake Kingsford. Bamboyo ankaseteka makontena onse kuseri kwa katani, Chiso akumeza malovu ndi kaphala kake.

Sabata itatha, Chiso anatulutsidwa ali bwinobwino. Kingsford anagonekedwa, mimba ili ndi! ngati ng'oma.

"Asalawe kanthu," anatero dokotala.

Masana, amayi aja anatulukira kuwodi ya abambo, makontena ali pamutu. Keziya anausa moyo, nayamba kumasula chitenje m'chiuno kuti mimba ipeze malo.