Nyemba za ku Kaseye

Emelda anatsamiritsa njinga kukhoma, nakutumula madzi pajuzi, n'kulowa m'chipinda chomwe ankachita lendi masana a Lachinayi lililonse. Ku Kaseye, komwe ankaphunzitsa pa sekondale, netiweki inkabwera ngati mlendo wamanyazi: kusuzumira, n'kuthawa. Pa nyumba yogona alendo iyi ya ku Lufita ndi pomwe inkakhala pansi.

Eni nyumbayo, a Safeli, anaima pakhomo makiyi ali m'manja.

"Asisi, leronso sukulu ya m'makina? Mutsitseko mawu. Bwana wa chipinda chakumapeto uja safuna phokoso."

"Uja wosatuluka panja ngati mkwatibwi?"

"Yemweyo. Chakudya timangosiya pakhomo. Kaya akuthawa mkazi, kaya apolisi, ine sindifunsa. Yewo."

Emelda anatseka chitseko. Mitambo inali itameza dzuwa, choncho anayatsa getsi asanatsegule laputopu.

Pa sikirini, mphunzitsi wa phunzirolo, Goodson, anali atayamba kale. Jekete lakuda, mpango m'khosi, kumbuyo kwake mabuku ali ndandanda ndi zenera lalikulu loonetsa msewu waukhondo uli ngwee ndi dzuwa. Masaya anali atalowako. Emelda ankati ndi zakudya za azungu zija, masamba osaphika.

"Moni nonse, kuchokera kuno ku Ulaya," anatero m'Chingerezi chopotokola lilime.

Timaina ta ophunzira tinali mbwee pa sikirini, ena a ku India, ena a ku Brazil, ena a ku Ghana. Phunziro lake linali la momwe malonda ndi makina zasandutsira dziko lonse kukhala mudzi umodzi. "Masiku ano kulibenso kutali," Goodson ankakonda kutero.

Kutali kunalipo, ndipo Emelda ankakudziwa. Ndi kumene munthu amapita n'kusiya kuyankha foni.

Ali ku koleji, Emelda anatha dzinja lathunthu m'tinjira ta kumalire, akutsatira amayi osenza nyemba kupita nazo ku Tanzania n'kubwerako ndi zitenje ndi mafuta ophikira. Anawoloka nawo mitsinje yosefukira, anagona ndi malungo, analemba zonse. Goodson, yemwe anali ataonekera kale kwa amalume ake a Emelda, anapempha kafukufukuyo kuti akamuonetsere kwa aphunzitsi akuluakulu. Kafukufuku anatuluka m'dzina la Goodson. Dzinalo linakwera ndege, mwini wake n'kulitsatira. Emelda anatsala ndi diresi loyera m'sutikesi ndi mafunso a amayi a kutchalitchi.

Atamva kuti yunivesite ina ya pa intaneti yalemba Goodson ntchito monga katswiri wokhala ku Ulaya, Emelda analembetsa phunzirolo ndi dzina lake la paubwana, Uchizi. Kamera sanayatsepo. Ankangomvetsera mawu ake omwe akutuluka pakamwa pa munthu wina. Ankadikira tsiku la lero, pomwe mkulu wa yunivesiteyo anabwera kudzaonerera kuti agamule ngati Goodson apitirize ntchito chaka chamawa. Kankhope ka mkuluyo, mayi wa imvi ndi magalasi, kanali pakona, kakugwedezera mutu mawu aliwonse.

Goodson anaika chithunzi: mayi atasenza thumba la nyemba, madzi a mtsinje ali m'chiuno.

"Mayi uyu ndinakamupeza ndekha kumudzi," anatero. "Sadziwa kuwerenga, koma nyemba zake zimadyedwa m'maiko atatu."

Anali amayi ake a Emelda, amene ankawerenga Baibulo m'zilankhulo ziwiri. Pachithunzi chenicheni Emelda anali pambali pawo, atachirikiza thumbalo. Goodson anamudula, koma anadula mwaulesi: m'mphepete mwa thumba munatsala zala zinayi.

Chithunzi chathunthucho chinali patebulo, atachikulunga m'pulasitiki kuopa mvula. Emelda anachitulutsa. Dongosolo linali lapafupi: kupempha mpata wa funso, kuyatsa kamera, kuonetsa mwini zala.

Komabe china chinkamudya mumtima. Munthu wa kutsidya kwa nyanja ungamuchititse manyazi, koma sungamuime pamaso. Akangodina kabatani wakuchotsa, n'kuuza anthu kuti ndi vuto la netiweki ya ku Africa. Kenako azikamwa khofi wake mwamtendere, iwe ukupalasa njinga m'matope kubwerera ku Kaseye. Chilango chotumiza pa waya chimafika chitazizira. Koma poti ndi chokhacho anali nacho, anati chipite chomwecho.

Mvula inayambanso kuwaza pamalata.

"Alipo ali ndi funso?" anafunsa Goodson.

Emelda anadina kadzanja kopemphera mpata.

"Uchizi. Lero mwaganiza zotilankhula. Takulandirani."

Chala cha Emelda chisanafike pa maikolofoni, chiphaliwali chinang'anima, bingu n'kugwedeza malata. Getsi linazima. Nthawi yomweyo nkhope ya Goodson inachita mdima, koma pazenera lake lija dzuwa linkawalabe, osagwedezeka. Bingu linagundanso, ulendo uno m'laputopu.

Ndiye panamveka mawu a Safeli, kawiri, koyamba pakhonde, kenako kuchokera ku Ulaya: "Bwana, ndibweretse kandulo?"

Emelda anayatsa kamera, natenga chithunzi chija, nanyamula laputopu ndi maiko ake onse, n'kuyenda modekha mpaka kumapeto kwa khonde. Anagogoda. Pa sikirini, katswiri uja anatembenukira kuchitseko.