Penate Pamaso pa Apongozi

Wosewera wa ku Kabwazi atakhazika mpira kuti amenye penate, Rozina anamva kutsokomola kumene ankakudziwa. Anacheuka. Kuseri kwa golo lake lopanda ukonde kunaima apongozi ake aamuna, a Gervazio, chipewa chili m'manja.

Zaka zitatu ali pagolo la timu ya amayi a ku Lobi, panalibe penate imene inamudutsa. Ankadziponya ngati mphamba. Koma lamulo la boma linkaletsa mkazi kuvala buluku, choncho akadziponya, siketi inkapita kumene yafuna. Bambo awa anali asanaonepo ngakhale bondo lake. Rozina ankalankhula nawo atagwada chapatali, nkhope ili kumbali.

Wezulo inalira. Mpira unabwera chapansi kumanzere, kumene Rozina sankaphonya. Manja ake anathamangira pa siketi n'kuigwira zolimba. Mpirawo, woti ngakhale mwana akanaugwira, unamudutsa n'kukaima pa nsapato za a Gervazio.

Anzake sanamukalipire. Anangozyolika.

A Gervazio anatola mpirawo, n'kuupukuta ndi chipewa chawo, n'kumupatsira ndi manja awiri, maso ali kumbali.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ndasiya kachewere osakumba, ndayenda wapansi m'chisanu chonsechi, chifukwa anthu amati mpongozi wanga amauluka. Kapena ndabwera tsiku lolakwika?"

Rozina anagwada m'fumbi, bwalo lonse likuona. Mpira sanaulandire msanga. Manja ake onse awiri anali akadagwira siketi.