Bwato la Nathan

Mmisiri uja anali atalowanso m'nyumba popanda odi.

A Fyson Kalilani ankamuonera pampando wawo wa pakhonde, bulangete lili m'mawondo. Kunja kunali mawawa a mu Juni, chifunga chitakuta dera lonse la Mchengautuwa mu Mzuzu. Munthuyo anatuluka ndi pulayala, n'kukhala pa benchi kuweramira bwato. Pulayala imeneyo imakhala m'kabati ya kuchipinda chogona. Anamuuza ndani?

Bwatolo silinali lokwera munthu. Linali lathabwa, lolekeza m'chiuno ukaliimika, la mlongoti umodzi ndi matanga awiri, ndipo linkayendetsedwa ndi limoti ya eriyo yaitali. A Kalilani anachita kupatsidwa ndi mzungu wina amene ankagwira naye ntchito ya zankhalango, pamene ankabwerera kwawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nathan, ankalikonda kuposa chakudya. Loweruka likafika ankapita nalo kudamu, bambo atasenza bwato, mwana atakumbatira limoti. Kenako mlongoti unathyoka, bwato n'kukagona kudenga. Makoswe anadya matanga, dzimbiri n'kugwira kamota kokhotetsa chiwongolero.

Tsopano Nathan anali pafupi kubwera ku holide, ndipo a Kalilani ankafuna adzalipeze likuyenda.

Mmisiriyu anabwera naye ndi akazi awo, a Flora. Ntchito ankaidziwa, zimenezo panalibe wotsutsa. Anapala vanishi yense wakale, ming'alu anaimata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, mlongoti watsopano anasema kuchokera ku thabwa la paini. Matanga anasoka ndi nsalu ya ambulera. Kamota kaja anakamasula, kukatsuka, n'kukabwezeretsa.

Koma ntchito yake sinkatha. Lero waya, mawa penti, mkuja akuti guluu sanaume chifukwa cha kuzizira. Madzulo aliwonse anali pompano. A Flora ankamuthirira tiyi m'kapu ya alendo. Kukhitchini awiriwo ankanong'onezana, a Kalilani akangosuzumira onse zii. Tsiku lina anaona ndi maso awo a Flora akumusasa utuchi paphewa, munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, wopanda ndi manyazi omwe.

"Mayi a Nathan, munthu uyu sindikumumvetsa," anatero atatsala awiri.

A Flora anangoyang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Chichokereni tsiku limenelo zinthu zinanyanya. Geti anayamba kukhoma masanasana, kiyi ali m'thumba mwa mlendoyo. A Kalilani akati akawongole miyendo kumsika, ankauzidwa kuti kukuzizira. Pakhomo pawo pomwe, nyumba yomanga ndi thukuta lawo, anasanduka mkaidi. Anadziwa kuti pali chimene chikuphikidwa. Anangodikira.

Lero mmisiriyo anaika mabatire mu limoti, n'kukankha kamtengo kake ndi chala. Chiwongolero chinakhotera kumanzere, kenako kumanja. Zingwe zinakoka, matanga n'kutambasuka.

"Adada, mwaona? Ladzuka!"

 Mu Mzuzu aliyense amakuitana adada ngati ndiwe bambo wake, ngakhale amene akukupisa m'thumba m'minibasi.

A Kalilani anatseka maso ngati agona. Posakhalitsa anamva mapazi a akazi awo, kenako mawu a munthu uja, apansipansi.

"Ndilitenga pompano asanadzuke. Musawauze kanthu."

 A Kalilani anatsegula diso limodzi. Munthuyo anali atakulunga bwato m'nsalu, limoti ali nayo m'khwapa, akunyang'ama kulowera kugeti. Panja panali galimoto yake. A Flora, mkazi amene anamanga naye ukwati m'tchalitchi, ndi amene ankamutsegulira.

Nanga Nathan akadzafika, adzamuuza chiyani? Kuti bambo wake anangokhala pampando bwato likupita?

Mphamvu zimene anadzukira nazo sanadziwe kumene zinachokera. Bulangete linagwa. Anatsika masitepe, ndodo ili m'mwamba, n'kumufikira kumbuyo. Ndodoyo inatera pamwamba pa khutu. Munthuyo anagwada m'matope.

"Wakuba! Wakubaaa!"

"Abambo, ayi!" a Flora anakuwa, koma mawu anali atapita kale.

Ku Mchengautuwa mfuu imeneyo siichedwa kuyankhidwa. Akabaza anasiya njinga zawo pamsewu. Amayi a pampopi anataya zidebe. Ena ankatola miyala akuthamanga, wina anabwera ndi chibonga. A Boniface a nyumba yoyandikana nayo anali patsogolo, njerwa ili m'manja.

Atafika pageti onse anaima.

A Boniface anayang'ana munthu anali pansiyo, anayang'ana a Flora, n'kuika njerwa ija pansi pang'onopang'ono. Ena aja anayamba kubisa miyala kumbuyo. Mayi wina anagwira pakamwa.

"Mukudikira chiyani?" a Kalilani anakalipa, mpweya ukuwathera. "Bwato la mwana wanga ilo! Mwagwirizana naye nonse?"

"Yayi, adada," a Boniface anatero motsitsa. "Pepani chomene. Tiyeni mukakhale pansi."

Munthu uja anali chigwadire. Magazi ankatsikira m'khosi mpaka m'kolala ya malaya, koma bwato anali atalikweza m'mwamba ndi manja onse awiri kuti lisakhudze matope. Sanathawe, sanatukwane. Ankangowayang'ana.

A Flora anayandikira, n'kumasula zala za amuna awo pandodo chimodzichimodzi.

"Abambo, sukulu anamaliza kalekale, ali ndi ana akeake. Ameneyu ndi Nathan. Mwamenya mwana wanu."

A Kalilani anaweramira munthu wa imviyo, namuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anamufunsa mwaulemu: "Achimwene, inu mwamuonako mwana wanga?"