Wakuba Mtedza wa a Jonah

Mtedza m'lichero unali utachepanso. A Lusiya anauyang'ana, natula ndowa, nakhala pansi. Miyendo inali italema ndi ulendo wa kudimba, ndipo dzuwa la Okutobala ku Kasenengwa silimvera munthu chisoni.

Unali mtedza wa mbewu. M'mawa uliwonse a Lusiya ankaswa, kusankha wabwino, n'kuusiya m'lichero pansi pa mtengo wa mango kuti upitidwe mphepo. Mlonda wake anali amuna awo, a Jonah, aphunzitsi opuma ntchito. Ntchito yawo inali imodzi basi, kuingitsa nkhuku.

Koma a Jonah anali atapeza china chochita. Mwana wawo Edmund anawabweretsera mabuku kuchokera ku Chipata, aja mumaphedwa munthu tsamba loyamba, wapolisi n'kumafufuza mpaka kumapeto. Ankakhala pa kampando tsiku lonse, buku kudzanja lamanzere, dzanja lamanja lili pa lichero. Ati kulondera kwenikweni n'kumeneko.

Nanga mtedzawo unkapita kuti? Mvula inali pafupi, mbewu yosakwana ndi theka la munda lomwe.

Nkhaniyi inawadwalitsa aphunzitsi. Chakudya chamadzulo anasiya kudya. M'mimba munkangoti gudugudu, kukhosi gwa, madzi kumwa ngati ng'ombe yangolo. A Lusiya ankawamvera chisoni. Mwamuna kuda nkhawa mpaka kukana ndiwo ya nkhuku!

“Ndamupeza, mayi a Edmund,” anatero tsikulo, akuvula magalasi pang'onopang'ono. “Nkhuku si izo, zikanamwaza. Mbuzi zikanagubuduza lichero. Uyu ndi munthu, ndipo amatapa mwaulemu. Ndani amadutsa pano masana popita kumjigo?”

“Bambo a Edmund, chonde. A Tamiwe ndi amene amatibwereka ng'ombe. Mukawalakwira tilima ndi chiyani, ndi magalasi anuwo?”

“Ndawaitana kale.”

A Tamiwe anafikadi, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, thukuta lili kamukamu. A Lusiya anaona kafundo konenepa pa nsonga ya chitenje chawo, mtima unagwa. Nawonso a Jonah anakaona.

“Khalani apo, mayi,” anatero. “Dzulo munaima pano?”

“Ndinaima, aphunzitsi. Ndinakupatsani moni kawiri, inu duu, maso m'buku.”

“Ndiye kuti munaona kuti sindikuona.”

“Mukufuna kunena chiyani kodi? Nenani msanga, nyemba zanga zipserera.”

A Lusiya anatseka maso. Anaona kale munda wosalimidwa, khasu lili m'manja mwawo, msana ukuwawa mpaka Khirisimasi.

A Jonah anaimirira, nakweza buku m'mwamba ngati katekisiti pa guwa.

“Buku ili landiphunzitsa chinthu chimodzi. Wakuba, kaya achenjere bwanji, amasiya chizindikiro.”

Analimenya pa bondo kuti mawuwo amveke. M'bukumo munagwa timakungu tofiira ta mtedza, waa, ngati munthu akupeta. A Lusiya analitenga n'kulitsegula. Tsamba lililonse linali nato, ndipo cha kumapeto, pomwe wapolisi anali pafupi kugwira munthu, tinali todzaza mpaka buku kukana kutsekeka.

“Mwamugwira, bambo a Edmund,” anatero. “Timumange, kapena timupatsenso madzi akumwa?”