Mkwatibwi pa Njinga Yakuda

"Galimoto ija sibwera, Wietske," anatero mlongo wanga Sjoerd akutsitsa foni. "Yafera panjira."

Ndinali pakhomo, nditavala kale deresi la ukwati. Kunja mvula ya mu Januwale inkagwa chopingasa, yozizira mpaka m'mafupa. Hidde, mkwati wanga, anali akundidikira ku holo ya mzinda wa Groningen, ndipo kumeneko ukachedwa amaitana ena odzamangitsa ukwati.

"Tenga njinga yanga yampikisano, imathamanga," anatero Sjoerd.

"Yopanda madigadi ija? Ukufuna ndikafike ndi mzere kumsana ngati kanyimbi?"

Ndinatulutsa chinjinga changa chakuda, cholemera, chamadigadi aakulu ndi tcheni chophimbidwa. Ndinavala thalauza la mvula, deresi n'kulipindira m'chiuno, pamwamba n'kuponyapo jekete lachikasu. Nsapato ndi maluwa ndinazikulunga m'jumbo n'kuziika m'basiketi.

Amayi anagwira handulo. "Mwanangu, tsitsi lakolo! Anthu akati chiyani?"

"Akati ndafika, amayi."

Anandiyang'ana. Kenako anavula magolovesi awo aubweya, akadali ofunda, n'kundiveka okha. Anamanga mpango kumutu, n'kupukuta keliyala ndi mkono wa chikhothi chawo chatsopano.

"Amayi, mukutani? Tikupezerani takisi," anatero Sjoerd.

"Takisiyo ukwere ndiwe."

Amayi anakhala cham'mbali pa keliyalapo n'kundikumbatira m'chiuno.

"Palasa, mwanangu. Ndinkakunyamula chonchi kupita kusukulu, mvula yoposa iyi ikugwa. Lero undinyamule ndiwe."